Galasi Lofunda Mpango

Amene amanena kuti Ezekiele anagula galimoto pofuna kudzionetsa ndi ansanje basi, ndipo ena mwa iwo ndi omwe aja amamugogodera kuti awatengere odwala kuchipatala. Mwana ameneyu anabadwira ku Matandani, ndipo mbatatesi anayamba kuisenza pamutu asanamere ndevu. Kuchoka pamutu anafika pa njinga yakapalasa, kenako yamoto, mpaka anatsegula golosale yake pa boma. Munthu wotere akagula galimoto, chodabwitsa n'chiyani?

Galimotoyo ndi zazitali zija, zamatayala akuluakulu, zokwera phiri ngati mbuzi. Inachoka ku Japan itatopa kale, inakatopanso ndi bwana wina ku Blantyre, ndiye n'kudzafika kwa Ezekiele. Galasi lakumanzere linali lomanga ndi mphira, ndipo linkangoonetsa kumwamba. Koma injini, ayi ndithu, inkalira bwino ngati mphaka wokhuta.

Komatu chimene Ezekiele ankanyadira kuposa galimoto ndi mbiri yake ya ulemu. Atakwatira Kettie anakhalako pachikamwini ku Midzemba, ndipo chikwatirireni anali asanayang'anepo apongozi ake, Anangozo, kumaso. Akakumana nawo panjira ankapatukira m'chimanga. Chilimwe, chimanga kulibe, ankapatukabe, n'kuima kuseri kwa chitsamba cholekeza m'mawondo. Polankhulana ankadzera mwa Kettie, ngakhale onse ali pakhonde limodzi. Anangozo ankauza amayi anzawo kuti, "Akamwini a masiku ano amapatsa apongozi moni wapamanja ngati anzawo a ku mpira. Wanga ayi." Mawu amenewa ankamufika Ezekiele, ndipo ankanenepa nawo.

Vuto linadza pa chinkhoswe cha Chiyanjano, mwana wake wamkazi woyamba kubadwa, chimene chinachitikira pa boma. Agogo ake a mwana akwere matola, mkamwini ali ndi galimoto? Zosatheka. Nanga akhala pati? Mpando wakutsogolo ndi wa munthu wamkulu, koma pamenepo ndiye kuti bondo la apongozi lili pafupi ndi giya. Anagwirizana zoti akhale kumbuyo. Zonse zinali bwino mpaka Ezekiele atakhala pa chiwongolero, pabwalo la ku Midzemba, n'kukweza maso. M'kagalasi kapakati koonera kumbuyo munali maso awiri a Anangozo.

Anatuluka ngati wakhalira linthumbu.

"Mayi a Chiyanjano, tandibwerekani duku."

"Duku langali? Ndikafike pa chinkhoswe cha mwana wanga mutu uli pamtunda?"

"Ndiye mpango uli m'chikwamawo."

Anakulunga galasi lija ngati chala chabala, ulendo n'kuyambika.

Kuchigwa anayenda bwino. Anangozo ankati, "Kettie, uwafunse bambo a Chiyanjano ngati mphepo yozizirayi ikulowera pobooka." Ezekiele n'kuyankha kuti, "Muwauze amayi kuti ndi yadala, inabwera ndi galimoto." Kettie khosi linachita kuwawa n'kutembenuka.

Pokwera mapiri opita ku boma, pakona ina yopapatiza, anakumana ndi lole ya makala ikutsika. Dalaivala wake anatulutsa mutu pawindo.

"Abwana, tabwererani pang'ono! Ine mabuleki angawa ndi a pemphero!"

Tsono kubweza galimoto kumafuna maso. Galasi lapakati lafunda mpango. Lakumanzere, kumene kunali phompho, likuonetsa mitambo. Lakumanja likuonetsa phiri, limene silinkavutitsa munthu. Kutembenuza khosi? Kumeneko ndiye kuli apongozi. Ezekiele anasankha ulemu. Anaika rivesi, maso ali kutsogolo ngati msilikali pa perete.

Anangozo anasuzumira pawindo.

"Kettie, uwauze bambo a Chiyanjano kuti kumbuyo kuno msewu ukukhala ngati ukuchepa."

"Akuti msewu ukuchepa," anatero Kettie.

"Muwathokoze amayi. Muwauze kuti msewuwu ndimaudziwa."

"Kettie, uwauze kuti ndikuona nsonga za mitengo pansi panga."

Koma Kettie, atasuzumira nayenso, anali atatsinzina n'kuyamba kupemphera, ndipo uthenga sunadutse. Tayala lakumbuyo linagumula miyala, miyalayo n'kumveka ikugubuduka kutali.

"Ezekiele iwe! Ponda buleki, mwana wopusa!"

Galimoto inaima pomwepo. Lole inadzipanikiza n'kudutsa, dalaivala akuimba hutala yothokoza. Ezekiele za phompho sankaziganiza n'komwe. Chimene chinkamutulutsa thukuta n'chakuti ku Midzemba akamva kuti apongozi amutchula dzina, ndiponso amunena kuti iwe, ngati wakuba nkhuku. Ulemu wa zaka zonse zija wathera pakona.

Anangozo anatsikira mbali ya phiri, anakonza chitenje, n'kuuza mwana wawo kuti, "Kettie, pita kumbuyo. Ntchito yakukanika." Anakhala kutsogolo, anasolola mpango pagalasi n'kudzipukuta nawo kumaso.

"Dzina ndatchula kale, silingabwererenso m'kamwa. Tayang'anani kuno, bambo."

Ezekiele anayang'ana chiwongolero.

"Ndati kuno."

Anayang'ana, pang'onopang'ono, ngati akusuzumira mumphika wowira.

"Ii, kodi muli ndi mpata m'mano? Zaka zonsezi ine osadziwa! Ndimadabwa kuti Chiyanjano anautenga kuti. Tiyeni, tichedwa."

Atafika pa boma, anthu ataona amene wakhala pambali pa Ezekiele, nyimbo inadukira pakati. Azakhali ena a kuchimuna, amene sitiwatchula dzina chifukwa tsopano ndi abale, anayamba kunong'ona kuti galimoto yamuchotsa munthu ulemu. Ezekiele anamva, ndipo anangoima pafupi ndi tayala, mutu uli pansi.

Anangozo nawonso anamva. Anapita kuseri kumene amayi ankaphika, analanda tambala amene anali atagonekedwa kale pampeni, n'kubwera naye pabwalo akukupiza mapiko. Anamupereka m'manja mwa Ezekiele anthu onse akuona.

"Tamverani nonse. Mkamwini wangayu ndamumasula ndine, mwakufuna kwanga, ndipo nkhuku yamwambo yomumasulira ndi iyi. Lero lomwe lino munthu uyu analolera kutigwetsera kuphompho, ine, mkazi wake ndi galimoto yomwe, kusiyana n'kuti andiyang'ane kumaso. Alipo pano amene mkamwini wake angatero? Aimirire timuone."

Palibe anaimirira. Nthungululu zinayambira kwa amayi a ku Matandani, ndipo azakhali aja anaombera nawo m'manja, ngakhale mochedwa.

Pobwerera Anangozo sanafunse n'komwe pokhala. Anamanga okha lamba, n'kuyamba kumuuza Ezekiele, tsopano popanda wodzeramo, zonse zimene anasunga mumtima chikwatirireni. Anayambira pa nkhokwe yopendama imene anawamangira chaka choyamba. Pofika ku Lisungwi, kuchigwa kuja, anali asanamalize za nkhokweyo.