Lata linagwa, Tereza sanatembenuke

Lachiwiri lapitali pabwalo panga tinalipo anthu asanu ndi mmodzi. Ndinalipo ine mwini khomo, mkazi wanga Madalena akusenda chinangwa, mwana wanga Felisiano, mkazi wake Rozita, ndi Mateyu kalipentala amene anali padenga kusintha malata odontha. Winayo anali Tereza, mdzukulu wanga wa miyezi isanu ndi iwiri, atakhala pamphasa motifulatira.

Lata linapulumuka m'manja mwa Mateyu n'kugwera pamiyala, chapatali kumbuyo kwa mwanayo. Nkhuku zinabalalika. Madalena anataya mpeni. Ngakhale ine, amene sindidzidzimuka wamba, ndinanyamuka pampando.

Tereza anangopitiriza kuseweretsa chala chake cha kuphazi. Sanatembenuke.

Inu a ku Mongue mumandidziwa. Kutchalitchi zolengeza ndimanena ndine, popanda chimkuzamawu, ndipo amene ali kumsika amamva. Sukulu ndinalekezera kalasi yachiwiri ku kampu ya othawa nkhondo, koma mawu angawa anali asanandichititsepo manyazi.

Tereza anabadwira kutsidya, ku Malawi, kumene Rozita anakadikirira kwa amayi ake. Kuchipatalako kunali anthu oyeza makutu a makanda. Amalowetsa kanthu kofewa m'khutu mwana ali mtulo, kamakina n'kuonetsa ngati akumva. Anauza Rozita kuti mwanayo sanakhoze, koma asataye mtima, chifukwa nthawi zina amakhala madzi a pobadwa otsalira m'khutu. Abwere naye pakatha milungu ingapo adzamuyezenso. Anamulembera papepala.

Pepalalo linafika kwa ine, pakuti pakhomo pano chilichonse chimafika kwa ine. Felisiano anandiwerengera. Ndinaseka. Ndinanyamula khandalo, kuligoneka pachifuwa panga, n'kuyamba nyimbo ya kutchalitchi ndi mawu anga onse. Mwana anatsegula maso, timanja n'kumagwedeza.

"Mwaona?" ndinatero. "Ameneyu mukuti samva? Kamakina kakudziwa chiyani za magazi a kwathu? Palibe akwere shapa, minibasi zija, kuwoloka malire chifukwa cha pepala!"

Nkhani inathera pomwepo. Miyezi inapita.

Lata litagwa, Rozita analowa kukhitchini, Madalena n'kumutsatira. Patapita kanthawi mkazi wanga anatuluka, nadzakhala pansi pambali panga.

"Bambo a Felisiano, mpongozi wanu akuti mwanayu samva nyimbo zanu. Chimene amamva ndi chifuwa chanu chikamanjenjemera. Akuti wakhala akumuitana chakumbuyo kuyambira mwezi wachitatu, osatembenuka."

"Nanga osanena bwanji?"

"Akananena kwa yani? Si munagamula kale inu?"

Apa ndi pamene ndikufuna tiganizire limodzi, anzanga a imvi. Tinaphunzitsa akazi a ana athu kuti asatiyang'ane m'maso, asatiyankhe, mawu awo azidutsira kukhitchini. Ulemu ndi wabwino, inenso ndimaufuna, sindibisa. Koma amene amabereka mwana kumsana tsiku lonse, kumusambitsa, kumuyamwitsa, ndi ndani? Si mayi kodi? Iye amaona zimene ife tili pampando sitiona.

Ndi mapepala angati otere amene apindidwa m'masutikesi ku Majaua ndi ku Molumbo, chifukwa agogo anawomba m'manja pamaso pa khanda, khanda n'kuphethira, onse n'kuseka? Linaphethira chifukwa laona manja, kapena kamphepo kalikhudza. Nanga ana obadwira kunyumba kapena panjira, amene sanayezedwe n'komwe, amawakumbuka ndani?

Lachinayi ndinapita kwa namwino wina amene timapemphera naye. Anandiuza kuti mwana amayamba kutola chiyankhulo ali kumsana, asanatchule liwu ndi limodzi lomwe. Akadziwika msanga kuti samva bwino, pali tizipangizo tovala m'khutu, pali kuyankhulana ndi manja, ndipo makolo amaphunzira naye limodzi. Sanandikalipire ayi. Anangoti, "Agogo, musachedwenso."

Ndikudziwa kuti misewu yathu ndi yoipa ndipo zipatala zoyeza makutu zili kutali. Ambiri amalepheradi chifukwa cha zimenezo, ndipo akuluakulu a zaumoyo ayenera kutifupikitsira thandizoli. Koma pakhomo panga msewu ulibe mlandu. Rozita anali wokonzeka kupita. Amene anaima pakhomo ndine.

Sindikudziwa kuti akakamuyeza Tereza akapeza chiyani. Chimene ndikudziwa n'chakuti miyezi imene ndinamudyera sindingamubwezere.

Tsiku la latalo, Mateyu atatsika padenga n'kupita kwawo, Felisiano anandipeza ku khola la mbuzi. Mwana ameneyu chibadwire sananditsutsepo. Anavula chipewa, ndipo sanakweze mawu.

"Ababa, Lolemba ine ndi Rozita tikupita naye Tereza kukamuyezetsa. Sindinabwere kudzapempha ayi. Ndabwera kudzakuuzani."