Amayi Towela Ng'uni, Amene Anaulula Zam'thupi Mwawo Kuti Apulumutse Mlamu

Amayi Towela Ng'uni, amene kuno ku Chifunda tinkangowatchula kuti aNyaNg'uni, anabadwira ku Tembwe m'chaka cha 1957. Sukulu analekera giredi faivi, chifukwa mayi awo atadwala mwendo panalibenso wina woingitsa mbalame m'munda wa mpunga. Komabe kuwerenga anakugwiritsitsa, moti pa maphunziro a ubatizo ndiwo ankawerengera anzawo katekisimu.

Mu 1976 anakwatiwa ndi a Wilfred Kumwenda nasamukira kuno. Anabereka ana asanu ndi atatu, ndipo awiri anawaika m'manda adakali akhanda. Chaka china njovu zinatha chimanga chawo chonse. Zaka zina madzi ankadula msewu, ansembe osafika miyezi inayi. Nthawi zonsezo aNyaNg'uni ankasesa m'tchalitchi, kutsogolera mapemphero a korona ndi kuyendera odwala. Anali mkulu wa bungwe la Anna Woyera, mlangizi wa mabanja, komanso woyambitsa nyimbo pamaliro. Ntchito sankadziwa kuikana.

Mayesero awo aakulu anadza mu 2006, ali ndi zaka 49. Mwana wawo wamkazi anali atangomwalira, n'kuwasiyira zidzukulu zinayi. Kusamba kunayamba kudumphadumpha, kenako kunalekeratu. Thupi linkangotentha mwadzidzidzi, thukuta kamukamu ngakhale m'mwezi wozizira wa Juni. Tulo tinathawa, khosi linauma, mtima unkagunda ngati athamanga. Lamlungu lina anakalipira mayi mnzawo pamaso pa anthu chifukwa cha tsache losowa. Atatero anapita kuseri kwa tchalitchi n'kukalira.

Pamudzi anthu anayamba kunong'onezana. Ankati matendawo anayamba atangobwera a Virginia, mlongo wake wa a Wilfred, amene anabwerera kwawo amuna awo atamwalira. Friday, mwana woyamba wa aNyaNg'uni, anaitanitsa abale kuti Loweruka akumane, azakhali akewo achoke pamudzi. Tisabise, popeza eni ake sankabisa: aNyaNg'uni nawonso anakayikira. Ndiwo za alamu awo anasiya kulandira.

Lachinayi lake anapempha amuna awo kuti awakweze panjinga kupita kuchipatala. Kumeneko anapeza namwino Norah, wochokera ku Kabwe, amene anawayeza n'kuwamvetsera mpaka atatha mawu.

"Amama, BP yakwerako, ndikupatsani mankhwala," anatero Norah. "Koma kutenthaku ndi kwa msinkhu. Mayi aliyense amafika posiya kusamba, ndipo ambiri thupi limawavuta chonchi. Manje ndiuzeni, kunyumba mumasamalira anthu angati?"

ANyaNg'uni anawerenga ndi zala, n'kutchulanso maudindo awo akutchalitchi.

"Nanga inu amakusamalirani ndani?"

ANyaNg'uni anafunsa motsitsa mawu, "Ndiye kuti palibe munthu wandichita chipongwe?"

"Palibe, amama. Thupi likusintha, ndipo maganizo akuchulukirani."

Loweruka masana abale anasonkhana pabwalo. A Virginia anakhala paokha, katundu wawo atamanga kale m'chitenje. Friday atayamba kulankhula, mayi ake anaimirira. Kwathu kuno mayi satchula za kumwezi pamaso pa amuna, makamaka mwana wake wamwamuna ali pomwepo. Koma aNyaNg'uni sanabwerere m'mbuyo.

"Friday, khala pansi. Ine ndasiya kusamba. Matenda anga ndi amenewo, pamodzi ndi chisoni cha mlongo wako ndi ntchito zimene ndadzisenzetsa. Azakhali akowa sanandilakwire."

Amuna anaweramitsa mitu. Mayi wina wachikulire anagwira pakamwa. ANyaNg'uni anayenda mpaka pamene panali a Virginia, nagwada.

"Alamu, ndinakana ndiwo zanu. Mundikhululukire."

A Virginia ankangolira. ANyaNg'uni ananyamula okha katundu uja n'kumubwezera m'nyumba.

Kwa miyezi ingapo anthu ena ankawanena kuti ataya ulemu. Iwo sanayankhe aliyense. Anatula pansi udindo wa nyimbo zapamaliro ndi wosesa, ndipo anavomera kuti a Virginia aziwathandiza kulera zidzukulu. Anachepetsa mchere, ankamwa madzi ambiri, ndipo pachakudya chawo sipankasowa masamba otendera kapena tinsomba ta kapenta. M'mawa uliwonse, dzuwa lisanakwere, iwo ndi a Virginia ankayenda mpaka kudimba akuchita korona. Mkwiyo ukayamba kukwera, aNyaNg'uni ankakhala pamthunzi n'kupuma mozama asanatsegule pakamwa. Kutentha kuja kunawavutabe zaka zinayi, koma mantha anali atatha.

Pang'ono ndi pang'ono amayi anayamba kuwatsatira kudimba mmodzimmodzi, aliyense ndi funso lake lamanyazi. Pomaliza bungwe linawapempha kuti aziphunzitsa poyera. Ankawauza kuti mutu ukamapweteka masiku onse, khosi likauma, ndipo munthu ukamakalipira ana popanda chifukwa, ufufuze kaye chimene wasenza mumtima ndipo uuzeko mnzako. Amene waonanso magazi patapita chaka atasiya kusamba ankamuperekeza okha kuchipatala. Kawirikawiri ankati, "Pempherani, inde, koma ku sikelo ya BP muzipitanso. Mulungu sachita nsanje ndi anamwino."

A Wilfred anamwalira mu 2019. ANyaNg'uni anatsala ndi alamu awo m'nyumba imodzi, akulimabe kadimba kawo. Mu Meyi 2024 anadwala chibayo. Ansembe atabwera kudzawadzoza mafuta a odwala, iwo anawafunsa ngati amayi okonzekera ubatizo, amene iwo ankawaphunzitsa, apeza mphunzitsi wina. Atamva kuti wapezeka, anagwedeza mutu mokhutira. Anatisiya mawa lake masana mwakachetechete, ali ndi zaka 67, amayi anzawo akuimba motsitsa pakhonde.

Pamanda anthu ambiri anapempha kulankhula, koma nthawi inachepa. Friday, amene tsopano ndi mkulu wa mphakati wathu, anapereka mpata wa banja kwa azakhali ake. A Virginia anaimirira atatsamira ndodo, nayang'ana khamu lonse.

"Enanu mwabwera kudzaika mlangizi wanu," anatero. "Ine ndabwera kudzaika munthu amene anasankha kuchita manyazi iyeyo kuti ine ndisasowe kwathu. Pitani bwino, alamu."

Mzimu wawo uuse mumtendere.