Gombe la ku Girisi Padenga Pathu

Amayi akabwera kuchokera ku Girisi, nyumba yonse inkanunkhira kokonati. Linali fungo la mafuta amene ankadzoza ana a madamu a kuntchito kwawo kuti asapse ndi dzuwa, ndipo linkakanirira m'manja mwawo, m'duku, ngakhale m'chikwama cha zovala. Ine ndinkathamangira chikwamacho. Ndikachizondotsa panyuzipepala n'kuchigwedeza, m'misoko mwake munkatuluka timchenga toyera, tosalala ngati ufa wosefa kawiri. Nthawi imeneyo tinkakhala ku Umm Ghuwailina, mumzinda wa Doha, mufulati ya zipinda ziwiri pansanjika yachitatu, pamwamba pa kasitolo kogulitsa tiyi wamkaka wotchedwa karaki. Masitepe athu ankanunkha anyezi wokazinga ndi nsapato za anthu ambiri.

Adadi anali mkulu wa alonda pahotela ina, ndipo ndi iwo amene anatibweretsa ku Doha. Amayi ankalera mapasa a banja lina ku Al Nasr, kupita m'mawa n'kubwera madzulo. Madamu wa m'nyumbamo anali Mgiriki. Chaka chilichonse, kutentha kukafika poti galu sangaponde phula, banjalo linkathawira kwawo kwa madamu, pachilumba china, ndipo amayi ankapita nawo. Pobwera ankatisimbira za gombe lopanda mafunde, loti munthu umayenda mpaka kutopa madzi akadali m'mawondo. Ankati tinsomba timabwera kudzakujompha zala za kumapazi, nkhalamba zimagona pansi pa maambulera kukamwa kuli yasa, ndipo pali bambo wina amene amaotcha chimanga ngati pa depoti ya kwathu. Chaka china madamu anali atalonjeza kuti mlongo wanga Tadala, wa zaka zinayi, apita nawo kukasewera ndi mapasa. Ine palibe anandilonjeza kanthu. Mbiri ya kupulupudza kwanga inali itafika kale ku Al Nasr.

Kenako kunagwa korona. Ndege zinaima, sukulu inalowa m'kompyuta, ndipo munthu sankalowa m'sitolo asanaonetse foni yake kwa mlonda kuti ili pobiriwira, chizindikiro choti alibe matendawo. Madamu anachita mantha ndi matendawo. Anati amayi asiye zoyendayenda, azigona komweko kwa timasabata tochepa mpaka zinthu zitakhazikika. Timasabata tija tinabereka miyezi. Amayi anasanduka nkhope ya pafoni, yooneka Lachisanu masana, nthawi zina n'kuuma pakati pa chiganizo intaneti ikavuta.

Poyamba Tadala ankalimbirana nane foniyo, kuipsompsona mpaka galasi kuchita mafuta. Koma kutentha kutafika pachimake anasintha. Foni ikalira ankakalowa pansi pa tebulo n'kumaseweretsa zala zake. Tsiku lina ndinamukoka mwendo kuti abwere, iye n'kundiuza mosakweza mawu kuti, "Amayi a m'foni sindikuwafuna." Amayi anamva. Anaseka kaseko kouma, n'kunena kuti mwana watopa, musiyeni. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, koma ndinaona kuti zikapitirira chonchi, Tadala adzawaiwala amayi tili mumzinda umodzi. Ndinatsimikiza mtima kuti ndiwabweretsa kunyumba, zivute zitani.

Kulira sikukanathandiza. Amayi anga ukawalirira amangoti limba mtima, ndiwe mwamuna. Koma ndinkadziwa chofooka chawo: salola munthu wina kuwalangira mwana. Adadi pankhani imeneyi analibe ntchito. Ndinathira mchere mushuga wawo, iwo analavula tiyi n'kuseka mpaka kutsokomola. Ndinajambulitsa chithunzi changa nditakhala tcheru, n'kuchiimika kutsogolo kwa kompyuta, ndipo aphunzitsi a masamu anandiyamikira masiku angapo chifukwa chomvetsera. Nkhani zonsezi zinkafika kwa amayi, koma yankho linali limodzi: "Ndikadzabwera uona." Ndinazindikira kuti milandu yanga inali yaing'ono, yotha kudikira. Pankafunika mlandu woti sungagone.

Pakona ya chipinda cha makolo anga panali bokosi la kago. Mmalawi aliyense wa ku Doha amalidziwa bokosi limeneli. Ndi katoni yaikulu yofika m'chifuwa, imene munthu amaponyamo pang'onopang'ono katundu wa kumudzi mpaka itadzaza, kenako n'kuimata n'kuitumiza. Lathu linali la nyumba imene tinkamanga ku Likuni. Munali mbale zamaluwa zimene sitinadyerepo, makapu, mashiti a pabedi akadali m'mapepala, ndi makatani abuluu amene amayi anayendera msika wonse kuwasaka. Ife tinkamwera m'makapu ong'aluka, atsopano ali m'bokosi kudikira Likuni. Kuligwira kokha unali mlandu. Nditasuzumiramo n'kuona buluu wa makataniwo, nzeru inandifika yonse nthawi imodzi. Ngati Tadala sangapite ku Girisi, Girisi abwera padenga pathu, ndipo abwera ndi katundu wa amayi.

Mchenga unali pafupi. Kuseri kwa msewu wathu ankamanga nyumba yansanjika, ndipo panali mulu woyera wotalika kuposa galimoto. Nyengo yotentha lamulo limaletsa kugwira ntchito panja masana, choncho dzuwa likafika pamutu amisiri onse ankazimiririka. Ndinkavala vesiti yachikasu yonyezimira ya adadi, chipewa chawo ndi masiki. Ku Doha munthu wovala vesiti yachikasu saoneka. Anthu a m'magalimoto amakuyang'ana ngati akuyang'ana mzati wa magetsi. Ndinkadutsa pompo pa kasitolo ka tiyi nditasenza thumba la mpunga lodzaza mchenga, mwini sitolo amene ankandidziwa dzina osatembenuka n'komwe.

Ntchitoyo inali yowawa, ndisaname. Mapatapata ankafewa paphula ngati chingamu. Thukuta linkadzaza m'masiki mpaka kumalimwa, ndipo chitsulo chogwirira pamasitepe a padenga chinkaotcha ngati chiwaya. Harisi wathu, bambo wa ku Bangladeshi amene ankayang'anira nyumbayo, ankagona masana chitseko chili chotseka, kiyi wa padenga atamukoloweka pamsomali panja. Ndinkakwera, kukhuthula, kutsika, mutu ukulira ngati muli njuchi. Tsiku lina ndinakhala pamasitepe maso atachita mdima, n'kuganiza zosiya. Ndiye ndinamva Tadala m'nyumba akuimbira chidole chake nyimbo yogonetsa mwana imene amayi ankamuimbira, koma mawu ake atawaiwala theka, kwinako akungong'ung'udza. Ndinadzuka n'kukatenga thumba lina.

Padenga pathu panali matanki a madzi, mapaipi, ndowe za nkhunda ndi madishi a TV akufa. Ndinasankha mbali imene thanki yaikulu inkagwetsa mthunzi dzuwa likapendeka. Ndinayala mchenga, kenako ndinazungulitsa njerwa n'kuikamo lona yakale kuti isunge madzi. Madziwo anandivuta. Miyezi yotentha ku Doha, mpopi wa madzi ozizira umatulutsa madzi oti ungafulire tiyi, chifukwa thanki imakhala padzuwa tsiku lonse. Ozizira amapezeka mugiza imene anthu amaizimitsa dala. Ndinakhuthula giza yathu yonse ndi ndowa, moti adadi pobwera kushifiti anasamba akuvina. Ndinathiramo paketi ya mchere kuti ikhale nyanja yeniyeni. Pomaliza ndinatsegula bokosi lija. Makatani ndinawayala pansi pa madzi, ndipo nthawi yomweyo dziwe langa linasanduka labuluu ngati la pazithunzi za amayi. Dishi ya TV inakhala ambulera. Mashiti atsopano anakhala zogonera pamchenga, makapu a ku Likuni n'kukhala zoumbira nyumba.

Tadala nditamukweza kumeneko anaima pakhomo nthawi yaitali. Kenako anavula diresi yekha n'kulowa. Analawa madziwo, nkhope n'kukwinyika, n'kundifunsa ngati tinsomba tibwere. Ndinamuuza kuti tinsombato tili pa kwarantini.

Lachisanu masana, adadi ali kuntchito, foni inalira tili pagombe. Ndinaigwira motalikitsa kuti zonse zioneke.

"Muli kuti inu?" anafunsa amayi.

"Ku Girisi, amayi. Mumachedwa, ndiye tangonyamuka tokha."

Anaseka, kuseka kwenikweni kumene ndinali ndisanakumve miyezi yonseyo. Kenako kusekako kunaduka. "Dalitso, tasendeza foniyo. Chabuluucho n'chiyani?"

"Ndi nyanja."

"Iwe mwana wa mfiti iwe. Makatani anga amenewo?"

Ndisanayankhe, Tadala anatuluka m'madzi akudontha, atanyamula kapu yamaluwa yodzaza mchenga, n'kukankha nkhope yake pagalasi. "Amayi, bwerani. Madzi ake ndi a m'mawondo, simumira." Nkhope ya amayi inaima pagalasi osagwedezeka. Ndinaganiza kuti intaneti yauma, koma maso awo ankaphethira. Atayankhula, anayankhula kwa ine. "Halasi, basi, wandikwana. Usachotse kanthu pamenepo. Ndikufuna ndidzaone ndi maso anga."

Madzulo ake adadi anabwera nkhope itagwa. Amayi anali atawaimbira kale. Anakwera padenga, anayang'ana nyanja yanga, n'kugwira m'chiuno. "Wandiphetsa, mwana iwe," anatero. Anandiuza kuti madamu wanena mosabisa: amayi akatuluka pageti, asabwererenso. Panali lamulo latsopano limene aliyense ankalikamba masiku amenewo, loti munthu atha kusintha ntchito popanda kupempha chilolezo kwa bwana wake, koma pakati pa anzathu panalibe amene anali ataliyesa. Adadi ankaopa kuti nyumba ya ku Likuni iima pamawindo. Ine ndinawamvetsera mwaulemu, manja kumbuyo. Atatsika, ndinakawonjezera madzi m'nyanja.

Amayi anafika Lamlungu dzuwa litapendeka, pa takisi, ndi zikwama ziwiri. Sanandilonjere. Analowa kubafa n'kusamba m'manja ndi sopo, mofatsa, pakati pa zala ndi m'zikhadabo momwe, monga ankaphunzitsira pa TV. Anapukuta bwinobwino. Atatero anandigwira khutu n'kundikweza nalo masitepe onse mpaka padenga. Khutu limenelo linatentha mpaka mawa lake, ndipo sindinamvepo ululu wokoma ngati umenewo.

Anatulutsa katani imodzi m'madzi n'kuiyang'ana padzuwa. M'mphepete mwake mchere unali utajambula mizere yoyera. Anayamba kundiwerengera machimo anga kuyambira tsiku limene ndinabadwa, mawu akumveka mpaka kwa harisi, amene anakwera kudzaona n'kubwerera pakhomo. Tadala nthawi yonseyi anali atabisala kumbuyo kwanga, atagwira kabudula wanga. Ankawasuzumira amayi ngati mlendo. Amayi atamuona anasiya chiganizo pakati. Sanamuitane. Anavula nsapato, anakwinya siketi, n'kukhala pansi pamchenga wobedwawo, mapazi m'madzi.

"Zaka zonsezi ku Girisi sindinakhalepo pansi chonchi," anatero, osayang'ana aliyense. "Ndinkangoima ndi matawulo, maso pa ana a eni."

Tadala anatuluka pang'onopang'ono. Anatapa mchenga ndi kapu n'kuwathira paphazi, n'kudikira kuti aone ngati akalipiridwe. Anathiranso. Mwadzini wa mzikiti wa pafupi atayamba kuitana, n'kuti mapazi a amayi atakwiririka mpaka m'akakolo, Tadala atakhala pamiyendo pawo akuwafotokozera za tinsomba ta pa kwarantini.

Chilango changa chinali kutsitsa mchenga wonse n'kukaubweza pamulu, kuchapa makatani, ndi kukolopa masitepe a nyumba yonse harisi akundilozera ndi chala. Ndinagwira ndikuimba. Amayi anakhala pakhomo kwa kanthawi, akuyenda m'maofesi ndi kuimba mafoni, mpaka anapeza ntchito pasukulu ya mkaka ku Bin Mahmoud, yoweruka dzuwa likadalipo. Ku Girisi sanapitekonso, ndipo Tadala sanakuoneko.

Masiku oyambawo foni ya amayi inkalira kawirikawiri. Ankaiyang'ana, n'kulowa nayo kubafa, n'kutsegula mpopi mwamphamvu. Ine ndinkati akuchapa. Ndinkayenda chifuwa chili patsogolo, ndikudziwa kuti ndapambana madamu, korona ndi Doha yense ndi matumba a mpunga. Panopa ndikudziwa kuti amene ankaimbawo anali mapasa aja, amene amayi anawalandira ali a masiku ochepa, kuwaphunzitsa kuyenda, ndi kuwagoneka pamsana ngati ana a kwathu. Amayi anali ndi ana mbali ziwiri za mzinda, ndipo ine ndinawakakamiza kusankha tsiku limodzi. Mpaka lero alendo akabwera amawauza kuti ndinawawonongera makatani. Za mapasa satchula, inenso sindifunsa. Koma kupepesa sindinapepese, ndipo amayi, amene amakumbukira mlandu uliwonse, sanandiuzepo kuti ndipepese.