Kawailesi Kapinki ndi Ngolo ya Fodya

Ndikukumbukira chaka chimene ndinakhoza giledi seveni, tikukhala pa famu ina ya fodya kufupi ndi Raffingora, ku Zimbabwe. Inali nthawi imene masitolo anali atayambanso kukhala ndi katundu, pambuyo pa zaka zija zimene munthu ankalowa m'sitolo n'kupezamo mashelefu okhaokha. Ababa ankayendetsa thirakitala pa famupo. Amayi ankathyola fodya m'dzinja, ndipo akauma ankasankha masamba m'shedi. Tinkakhala m'komboni, m'nyumba ya zipinda ziwiri yopanda magetsi. Anansi athu ambiri anali ngati ife, ana ndi zidzukulu za anthu amene anachokera ku Malawi kapena ku Tete kalekale kudzafuna ntchito. Chichewa chathu chinali chosakanikirana ndi Chishona, moti mawu ena sindinkadziwa kuti ndi a chinenero chiti.

Sukulu ya sekondale inali kutali, choncho makolo anagwirizana kuti mu Januwale ndikakhale kwa azakhali ku Mhangura. Ababa sanali munthu wolonjezalonjeza, koma tsiku limenelo ananena pamaso pa Amayi kuti andigulira chinthu chimodzi chimene ndingasankhe, bola chisakhale chodula. Amayi ankayembekezera kuti nditchula nsapato. Ine ndinatchula MP3, kawailesi kakang'ono kosungiramo nyimbo. Ndinali nditakaona kwa mwana wa aphunzitsi, amene tsiku lina anandilowetsa kachingwe kamodzi m'khutu, ndipo ndinamva ng'oma zikulira m'kati mwa mutu wanga pamene ondizungulira sankamva chilichonse. Amayi anati chimenecho sichithandiza mwana wopita kukaphunzira. Ababa anati mawu anena kale, sangawameze.

Loweruka lina tinakwera kombi ya ku Chinhoyi. Mvula inali itagwa m'mawa, ndipo m'kombimo munkanunkha zovala zonyowa, dizilo ndi mango amene mayi wina ananyamula m'ndowa. Ababa anavala jekete lawo la kutchalitchi. Titafika tinalowa m'masitolo angapo, kufunsa n'kutuluka, mpaka tinapeza kasitolo kopanikizika kamene kankagulitsa mafoni, matochi, maloko ndi tsitsi loikirira. Wogulitsa anali mnyamata wa Chishona wolankhula mofulumira, ndipo ankawaitana Ababa kuti mudhara, kutanthauza mdala. Anatulutsa timawailesi take totsika mtengo n'kutiyala pagalasi.

Ababa anatiyang'ana monga ankayang'anira thirakitala m'mawa asanailize. Ankanyamula kamodzi, kukatembenuza, kukagwedeza pafupi ndi khutu, kenako n'kufunsa kuti kamadya chiyani. Kena kanali kopanira pamalaya, kopepuka ngati tsamba louma, ndipo wogulitsayo anavomera yekha kuti kamaimba nyimbo imene kafuna, mwini wake alibe chonena. Kameneko tinakakankhira pambali. Kena kanali kakuda, kotalika ngati chala, kogwiritsa ntchito batire laling'ono limene linkapezeka ngakhale m'sitolo ya pa famu. Ababa anakakonda pompo. Chivindikiro cha batire chinkagwedera, koma anati kamphira kathetsa vutolo. Kwa ine kankaoneka ngati chidutswa chogwa kuthirakitala.

Maso anga anali pa kapinki. Kanali ndi kagalasi kowala buluu kosonyeza dzina la nyimbo, mabatani ake anali ozungulira, ndipo kumbuyo kunali zilembo zimene palibe aliyense wa ife akanatha kuwerenga. Vuto lake linali lakuti kankafuna kutchaja pamagetsi. Ababa anandifotokozera modekha kuti m'komboni mulibe magetsi, kuti chinthu chowala kwambiri chimakopa akuba, ndiponso kuti utoto si umene umaimba. Masiku amenewo mwana sankatsutsana ndi bambo ake pagulu. Ndinangosiya chala changa pagalasi, pafupi ndi kapinki kaja, osachichotsa.

Wogulitsayo anali atamva mmene tinkalankhulirana. Anafunsa ngati tinali a ku Malawi, nati pakompyuta yake pali nyimbo za kumeneko. Analowetsa zingapo m'kapinki, n'kuwaika Ababa tizingwe m'makutu iwo asanavomere. Ababa anabadwira pa famu ina cha ku Banket, ndipo ku Malawi anali asanapondeko. Nyimbo za Chichewa zimene ankadziwa zinali za kutchalitchi ndi za pamaliro. Apa n'kuti munthu wina akuimba ndi gitala, kudandaula za apongozi ake, m'Chichewa chosasakaniza. Ababa anaima chilili, dzanja lili pagalasi, nkhope yawo yosasintha. Kenako analankhula mokweza, monga amachitira munthu amene watseka makutu.

"Ameneyu akulankhula ngati malemu bambo anga."

Onse amene anali m'sitolomo anacheuka. Nyimbo zomwezo zikanalowanso m'kakuda kaja, koma nkhani imeneyo palibe anaiyambitsa. Za magetsi Ababa anazithetsa okha. Anati kuwekishopu, kumene thirakitala inkagona, kunali poika pulagi, ndipo azikatenga m'mawa n'kubwera nako madzulo katadzaza. Tinatuluka ndi kapinki, m'kati muli nyimbo za Chishona, za kutchalitchi, za Chingerezi zimene ndinasankha ine, ndi za ku Malawi zija.

Masiku oyamba ndinali munthu wofunika m'komboni. Kumjigo anzanga ankandidikira, aliyense kufuna khutu limodzi, ndipo ena ankanditungira madzi popanda kuwapempha. Moto wa batire lake unkatha msanga, motero kawailesiko kankayenda ulendo wa kuwekishopu pafupifupi tsiku lililonse m'thumba la ovolosi ya Ababa. Posakhalitsa kanayamba kubwerako kasanadzaze bwino. Tizingwe tinkanunkha girisi. Ndikakayatsa, kankayambira pakati pa nyimbo ya apongozi ija. Amayi anazindikiranso kuti mwamuna wawo, amene kale ankasamba mwakachetechete, tsopano ankang'ung'udza kubafa. 

Nthawi imeneyo fodya wothirira anali atayamba kupsa, ndipo ntchito ya Ababa inali kukoka ngolo ya masamba kuchokera kumunda kupita kumabalani owotchera. Msewu wake unali wa dothi lofiira, wodutsa pakhwawa, ndipo m'dzinja unkasanduka matope. Tsiku lina thabwa la kumbuyo kwa ngolo linamasuka thirakitala itangochoka m'munda, ndipo mitolo ya fodya inayamba kugwa umodziumodzi. Othyola anaona n'kuyamba kukuwa. Foromani analiza wezulo yake, imene Ababa ankaimva nthawi zonse ngakhale injini ikulira. Amayi anali m'gulu la othyolawo, ndipo anathamanga m'matope akuitana Ababa potchula dzina langa, bambo a Esinati, bambo a Esinati, mpaka mpango unawagwa kumutu. Thirakitala inkangopita pang'onopang'ono, woyendetsa akugwedeza mutu. Inafika kumabalani ngolo itatsala pang'ono kukhala yopanda kanthu.

Zimenezi sindinazione, ndinazimva kwa anthu ambiri, aliyense ndi mchere wake. Chimene ndinaona ndi msewu, chifukwa ana tonse a m'komboni anatiitana kukatola. Masamba obiriwira anali mbwee kuyambira kumunda mpaka kuseri kwa khwawa, ena atathyoka, ena atamira m'madzi ofiira. Fodya wamuwisi amamata m'manja, ndipo utomoni wake ukasakanikirana ndi matope suchoka msanga. Tinatola zimene tikanatha, koma tsamba lothyoka ndi lodetsedwa siligulidwa bwino, ndipo zimenezi ngakhale ana tinkazidziwa.

Foromani anawalanda Ababa makiyi nati mlandu udikire mwini famu, amene ankakhala ku Harare n'kumabwera kumapeto kwa sabata. Anthu ankaseka pokamba nkhaniyi, koma kwathu kunalibe woseka. Pa famu nyumba imayendera limodzi ndi ntchito. Anzathu a Chishona akachotsedwa ntchito ankabwerera kumusha, kumudzi kwawo, pamene ife kumudzi kwathu kunali komboni yomweyo. Agogo anachokera ku Dedza ali mnyamata, ndipo dzina la mudzi wawo linapita nawo kumanda. Ndinaona Amayi akuchapa matumba akale a feteleza n'kuwapinda bwinobwino pansi pa bedi. Za Mhangura sizinatchulidwenso. Ababa ankakhala pakhonde kukonza njinga imene inalibe vuto lililonse. Kawailesiko Amayi anakaika pamwamba pa khoma, ndipo sindinayerekeze kukapempha.

Mwini famu atabwera anaitanitsa Ababa ku ofesi, n'kunenanso kuti chinthucho chibwere. Anandituma ine kukachitenga, choncho ndinaimirira pakhomo nkhani ikukambidwa. Anali munthu wamkulu thupi, wosakonda mawu ambiri. Anamvetsera foromani, kenako anafunsa Ababa ngati anali ndi chonena. Ababa, chipewa chili m'manja, anati zonse zimene zanenedwa n'zoona. Bwanayo ananyamula kapinki kaja ndi zala ziwiri, n'kukayang'ana, n'kuyang'ana Ababa, bambo wa ndevu za imvi amene anali atayendetsa thirakitala pa famupo iye asanabwere. Anafunsa m'Chishona kuti inali nyimbo yanji yoposa fodya wake.

"Ya kwathu, bwana," anatero Ababa.

Bwanayo sanaseke. Anagamula kuti Ababa achoke pathirakitala mpaka nyengo ya fodya itatha, azikasonkhezera moto kumabalani, ntchito yotentha ndiponso ya malipiro ochepa. Za nyumba sanazitchule, ndipo tinamva kuti sitisamuka. Potuluka anandipatsa kawailesiko m'manja nati ndipite nako kutali ndi famu yake.

Ndinapitadi nako ku Mhangura mu Januwale, nsapato zanga zili zakale zomwe zija. Kwa azakhali magetsi analipo, ngakhale ankazimazima. Kanagwira ntchito mpaka nyengo yozizira, kenako batani lapakati linalowa m'kati, kumbuyo kunatupa, ndipo tsiku lina kanangokana kuyaka. Ababa anabwerera pathirakitala chaka chotsatira. Dzina lakuti Dijeyi, limene anyamata a kumabalani anawapatsa, silinawachoke, ndipo patapita zaka ngakhale akuluakulu a mpingo ankawatchula choncho iwo palibe.

Masiku ano ndimakhala ku Chinhoyi, ndipo kasitolo kaja kanasanduka malo ometera. Timawailesi totere sindikutionanso pagalasi la sitolo iliyonse. Nyimbo zinalowa m'mafoni, ndipo ana anga akafuna ya ku Malawi amaipeza asanamalize kuitchula. Iwo sadziwa zoima m'sitolo kuyerekeza batire ndi magetsi, kapena kudikira madzulo kuti nyimbo zibwere kuchokera kuwekishopu. M'makomboni ambiri tsopano muli timasola padenga, ndipo aliyense amatchaja pakhomo pake.

Ababa anapuma ntchito ndipo amakhala ndi ine. Foni ali nayo, nyimbo za Chichewa zadzaza, koma amamvetsera pasipika, foni ili patebulo, makutu ali pamtunda. Dzinja lapitali tinapita limodzi ku famu ija kukaona manda a Agogo. Pamsewu wa kumabalani tinapatukira thirakitala yokoka ngolo ya fodya, woyendetsa ali mnyamata wovala tizingwe toyera m'makutu onse awiri, ndipo palibe amene ankaona chachilendo. Mnyamatayo anatikwezera dzanja. Ababa sanamuone, chifukwa maso awo anali pathabwa la kumbuyo kwa ngolo, ndipo sanawachotsepo mpaka inakhota.