Galu Wobisa Maso

Ndikukumbukira galu amene wansembe wina wachizungu anamusiya kwathu, kumtunda kwa Bembeke, atadwala n'kubwerera kwawo. Agalu athu anali a nthiti zowerengeka, koma uyu anali mulu wa ubweya wotuwa, wolendewera mpaka pansi, wophimba nkhope yonse. Maso ake palibe anawaonapo, ndipo sankauwa. Akatekisiti ankati kumapiri ozizira a kwawoko agalu a mtundu umenewu akhala akuweta nkhosa kuyambira makolo, ubweyawo ndiye bulangete lawo. Ife tinkaseka. Galu n'kukhala mbusa?

Nkhosa kwathu kunalibe, ndiye anasankha ife ana asukulu. M'mawa wa mu Juni, nkhungu itatseka moti mnzako osamuona, tinkayamba kumva fungo la ubweya wonyowa. Kenaka uyo watulukira, n'kumatizungulira mwakachetechete, wotsalira m'mbuyo n'kumugunda ndi mphuno kuseri kwa bondo. Ine ndinkamuopa koopsa.

"Ameneyu akuwerenga ana," ankatero amayi. "Adzasankhapo mmodzi."

Tsiku lina mng'ono wanga Esitere, wa sitandade wani, sanafike kusukulu. Ndinathamangira abambo kumunda wa mbatatesi. Esitere tinamupeza kutali ndi njira akulira, galu atamuimira kutsogolo. Akati adzere uku, wamutsekera. Akati uko, wamutsekeranso.

"Choka, mfiti iwe!" anakuwa abambo, n'kumutema ndi khasu kamodzi kokha. Galuyo sanalire n'komwe. Anangogona pamame.

Tidakali chiimire, nkhungu inayamba kuyera. Kuseri kwa galuyo, mapazi atatu okha, kunali phompho la miyala. Abambo anakhala pansi. Anakankha ubweya uja pankhope pa galuyo, ndipo tinaona maso wamba, ngati a galu aliyense. Anamukumbira dzenje lakuya okha, ndipo khasu limenelo sanalimirenso.

Lero ana a kwathu amakwera njinga zamoto popita kusukulu, agalu otere amawaona pafoni n'kumati ngokongola. Mtima umandiwawabe. Chaka chatha, tikusenda mbatatesi, ndinafunsa Esitere chimene anasiyira njira tsiku lija.

"Achemwali, inetu sindinkalirira galu," anatero. "Ndinkalira chifukwa ankandiletsa kupita kwa amayi. Amayiwo ankandiitana kumunsi kwa phompho."

Amayi m'mawa umenewo anali kuchigayo.