Mbande ya Tiyi ya a Bizwick

Bambo anga, a Bizwick Nakhumwa, anasoka zovala pakhonde la sitolo ku Kawale zaka makumi anayi, ndipo moyo wawo wonse anaba kamodzi kokha. Nkhani ya kubako ankaikamba monyadira, moti ife ana tinkaimaliza iwo asanafike pakati.

Anabadwira m'malayini, nyumba za antchito a pa esiteti ya tiyi kufupi ndi Milonde, ku Mulanje. Mayi awo, a Emelda, anachokera ku Mozambique ndipo ankathyola tiyi. Atamwalira, bambo ali ndi zaka khumi ndi zinayi, anthu a mudzi woyandikana nawo anapereka malo kumapeto kwa manda awo, kumene ankaikako obwera. Sabata isanathe kampani inafuna nyumba yake. Tsiku losamuka, bambo analowa mu nazale, n'kubisa mbande imodzi ya tiyi m'malaya, n'kukaidzala kumutu kwa manda a mayi awo kuti akadzabwera asadzasochere.

Koma sanabwerereko. Chaka chilichonse panali chifukwa: mvula, sukulu yathu, mashini awonongeka. Ine ndinkawatcha a Zengerezu, ndi kuwauza kuti Mulanje wawoyo ndi wa pakamwa basi. Iwo ankangoseka. Lero mawu amenewo amandipweteka.

Chaka chatha, adokotala atawauza za chiwindi chawo, anatiitana ine ndi mchimwene wanga Kondi. Anati akufuna zinthu ziwiri: kumanga chiliza pa manda a mayi awo, ndi kutionetsa malowo kuti tidzawagoneke pambali pake. Kondi anabwereka galimoto, tinakweza matumba atatu a simenti, ulendo unayambika.

Kuchokera ku Lilongwe mpaka ku Limbe bambo anangogona. Titawoloka Thuchila, phiri lili patsogolo pathu, munthu uja anasanduka wina. Anayamba kulamula Kondi mochedwa, kuti akhote pa sitolo imene tsopano ndi tchalitchi, ndi kupereka moni kwa anthu osawadziwa. Tinasochera kawiri, ndipo kawiri konseko wolakwa anali Kondi.

Ku mudzi kuja anatipatsa a Thomson, mkulu wa adzukulu okumba manda, kuti atilowetse. Anali a msinkhu wa bambo ndipo nawonso anakulira m'malayini, ngakhale kuti sanakumbukirane. Bambo sanawauze za mbande ija. Ankafuna kuwadabwitsa. Anatsogola ndi ndodo yawo, maso ali pansi, kufunafuna tiyi wofika m'chiuno ngati wa m'minda ya kampani. Tinadutsa ziliza ndi mitanda mpaka kumapeto, pamene panali kankhalango ka mitengo italiitali ya masamba obiriwira kwambiri. Mitumbira inafafanizika kalekale. Bambo anazungulira katatu, thukuta lili kamukamu, ndipo pomaliza anaulula chimene ankafuna.

"Achimwene, mukuyang'ana pansi bwanji?" anatero a Thomson. "Tiyi akapanda kudulira amakula ngati mtengo wina uliwonse. Kwezani maso. Wonseyu ndi tiyi."

"Nanga wanga ndi uti?"

A Thomson anakanda kumutu. Anafotokoza mofatsa kuti aliyense wa m'malayini ankachita zomwezo. Mtanda wa thabwa chiswe chimadya, mbale imasweka, koma tiyi safa, ndipo nazale inali pafupi. Aliyense ankabisa mbande yake n'kumaganiza kuti nzeruyo ndi yake yekha. Nawonso a Thomson, bambo awo anali momwemo, ndipo sankadziwa kuti ndi pati.

Sindinaonepo bambo anga atachepa chotero. Kondi, pofuna kuthandiza, anati tingosankha mtengo waukulu timange pamenepo, poti ndani angadziwe. Ndinamuponda phazi. Bambo anayankha osamuyang'ana kuti sangalembe dzina la mayi awo pamwamba pa mayi a munthu wina.

Kenaka anavula chipewa n'kugwada pa mtengo woyamba. "Amayi, ndine Bizwick. Ndachedwa." Anadzuka, n'kupita pa wachiwiri, n'kunena zomwezo. Mitengoyo inali yoposa makumi atatu. Pofika pakati miyendo inawakana, ndiye ine ndi Kondi tinawagwira m'khwapa, kuwagwaditsa ndi kuwadzutsa. Ndinalira mosabisa. A Thomson ankatitsata pambuyo, kuloza mtengo uliwonse umene tinkafuna kudumpha.

Titamaliza, bambo anafunsa ngati angadzaikidwe pakati pa mitengoyo. A Thomson anakana, kuti khasu lingadzakumane ndi mafupa a anthu, koma anatilozera kamalo kumbali kwake. Bambo anakayang'ana nthawi yaitali, n'kuvomera ndi mutu.

Tinawagoneka pamenepo mu Ogasiti. Koma chimene sichindichoka ndi mawu amene ananena tsiku lija tikutuluka m'manda, atatembenukira ku mitengo: "Ine ndalephera kukupezani, amayi. Mudzandifune ndinu."