Tinaika Bambo Tchalitchi Chili Chokhoma

Ndinadzuka tambala asanalire, ngati kunali kudzuka, poti pasiwa munthu umangotsamira khoma. Amayi amene anachezera kuimba anali atasasa mawu. Kuseri kwa nyumba moto unali utayaka kale, ena akusenda nthochi, ena akupeta mpunga.

Bambo anga anachoka ku Ntcheu kudzaphunzitsa ku Kaporo. Atapuma ntchito anadzipereka kumatsegula tchalitchi cha parishi m'mawa uliwonse, n'kukhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa. Aulendo opita ku Tanzania ankapumiramo, ndipo madzi akasefukira mabanja ankagonamo ndi mbuzi zomwe. Anapempha chinthu chimodzi chokha: akadzamwalira, thupi lawo lidzalowe m'menemo lisanapite kumanda.

Kutangocha anatulukira wapampando wa tchalitchi, yemwenso anali wapampando wa chipani kwathuko. Anapepesa mawu awiri, kenako n'kupempha kiyi, ati katundu wa mpingo sakhala pamaliro. Mayi anamuchotsa pamsomali n'kupereka. Ine zinandiwawa, koma masiku amenewo munthu wa chipani sunkamuyankha.

Anthu anabwera ambiri, a ku Iponga pa njinga, a ku Mwenilondo pa lole, matope mpaka m'maondo. Cha m'ma teni tinanyamula bokosi mvula ikuwaza, amayi patsogolo ndi nkhata za maluwa.

Titafika tinapeza loko ali lende pachitseko. Wapampando uja anali atapita ku boma kukalandira nduna, kiyi ali m'thumba. Mlamu wanga anatola mwala, koma akatekisiti anamugwira dzanja, poti kuswa loko wokhomedwa ndi munthu ameneyo kunali kudziitanira anyamata a chipani. Tinadikira maola awiri. Mvula inakula, ndipo okumba manda anatumiza mawu kuti dzenje layamba kudzaza madzi.

Tinaika bokosi pabenchi yomwe bambo ankakhalapo, mapemphero n'kuchitikira pakhonde pomwepo, anthu akunyowa. Munthu amene anatsegulira aliyense, ndi zidakwa zomwe, anathera panja ngati wochotsedwa mumpingo. Imene ndinalira pamenepo inali misozi yaukali. Kumanda anayamba akapa madzi ndi ndowa asanatsitse bokosi.

Madzulo, ambiri atabwerera kwawo, wapampando anafika atavalabe malaya a chipani.

"Pepani mayi, ndinaiwala," anatero. "Koma mawa palibe wotsegula."

Anatulutsa kiyi uja. Ndinafuna kumulavulira kumaso. Mayi analandira ndi manja awiri.

Atachoka ndinawafunsa: "Mayi, mwalandiriranji?"

"Alendo alakwa chiyani, mwanangu?"

Anakoleka kiyi pamsomali wake, n'kukhalanso pamphasa pafupi ndi nsapato za bambo. M'nyumba munali zii, kumangomveka madzi akudontha kuchokera padenga. Mayi anatsegula tchalitchi chija zaka zisanu ndi ziwiri, koma ine sindinapondemonso.